Tsoka Ili Limanunkha: Kulondola Fungo la Petulo M'galimoto Yakale

Pulogalamu yophunzitsa ya pawailesi
Malo ojambulira: pabwalo la galaja ina ku Sanjala, mumzinda wa Lichinga
Olankhula: Woulutsa ndi Mmisiri wokonza magalimoto

[NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO. PAMVEKE INJINI YAKALE IKULIRA, KENAKO IZIME.]

WOULUTSA: Lero tatuluka m'nyumba youlutsira mawu. Tili ku Sanjala, pabwalo la galaja, ndipo injini mwaimvayo ndi ya Land Rover ya mtundu wa Series III, imodzi mwa zimene zinkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Makolo athu anati tsoka silinunkha, kutanthauza kuti limangofika osagogoda. Koma lilipo tsoka lina limene limayamba lanunkha. Limanunkha sabata, mwezi, mwina chaka chathunthu, kudikira kuti wina alimvere. Tsoka limeneli ndi moto wa petulo. Ndipo tikamati petulo tikunena gasolina, osati petróleo amene ndi parafini wa m'nyali. Ndili ndi mmisiri amene wakulira pansi pa magalimoto otere. Amisiri, takulandirani.

MMISIRI: Zikomo kwambiri achimwene, ndipo moni kwa onse amene akutimvera.

WOULUTSA: Tiyambire pa galimoto ili patsogolo pathuyi. Inabwera ndi vuto lanji?

MMISIRI: Eni ake ndi bambo wina wachikulire wa konkuno ku Sanjala. Imawanyamulira nyemba ndi mbatata ya kachewere kuchokera kumunda. Koma amene anayamba kudandaula si iwo ayi, ndi mayi akunyumba. Ufa umene anakagayitsa kuchigayo unabwerako ukumveka petulo, nsima osadyeka. Adzukulu akakwera, potsika onse akulira mutu. Bambo aja yankho lawo linali limodzi: galimoto yakale imanunkha choncho.

WOULUTSA: Ambirife timakhulupirira zomwezo.

MMISIRI: Ndi chikhulupiriro chimene chawotchetsa magalimoto ambiri. Zoona zake ndi izi. Galimoto ya kabuleta, mukangoizimitsa ili yotentha n'kutsegula boneti, mumamva kafungo pang'ono, ndipo pakapita mphindi zochepa kamatha. Kameneko n'kachibadwa. Koma fungo lokulonjerani mukatsegula chitseko m'mawa, fungo lokakamira zovala ndi katundu, limenelo likunena kuti petulo wapeza potulukira. Vuto lina ndi mphuno yathuyi. Imazolowera msanga. Munthu wokhala m'galimoto tsiku ndi tsiku amasiya kumva, pamene mlendo akangolowa amagwira mphuno. N'chifukwa chake mayi kapena mwana akanena kuti muno mukununkha petulo, dalaivala asatsutse. Iwowo ndi amene akumva zoona.

WOULUTSA: Wina anganene kuti kadontho kamodzi kangachite chiyani, poti petulo amauma yekha.

MMISIRI: Kuumako ndiye kuopsa kwake. Petulo akamauma sakupita kutali, akusanduka nthunzi, ndipo chimene chimayaka ndi nthunziyo. Omvera agwire zinthu zitatu. Choyamba, petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro. Ndiye chisanu chathu cha Juni ndi Julayi sichingatiteteze. Chachiwiri, nthunziyo ndi yolemera katatu kapena kanayi kuposa mpweya. Siikwera kumwamba ngati utsi. Imayenda pansipansi ngati madzi, kulowa m'dzenje la galaja, kutsetsereka mpaka pamene pali mbaula ya mlonda. Ikafika pamoto, moto umabwerera m'njira yomweyo mpaka kugalimoto. Chachitatu, siifunika yambiri. Magawo awiri okha a nthunzi m'magawo 100 a mpweya, kuthetheka kamodzi kokha, basi wayaka.

WOULUTSA: Ndiye munthu asanagwire sipanala achite chiyani?

MMISIRI: Akankhe galimoto kuitulutsa panja, pamalo popita mphepo. Ikakhala kuti yagona m'galaja yotseka ndipo fungo ndi lamphamvu, asailize mommo, asayatsenso magetsi a m'chipindamo. Atsegule zitseko, aikankhe ndi manja. Fodya, mbaula, koloboyi, makina owotcherera, zonse zikhale kutali. Injini izizire. Achotse waya wa negetivu pabatire. Pambali pakhale ndowa ya mchenga, ndipo ngati chilipo, chozimira moto cha ufa chija. Tochi aiyatsire kutali, kenako n'kubwera nayo. Machesi ounikira pansi pa galimoto, ayi ndithu.

WOULUTSA: Zida zofufuzira n'zodula?

MMISIRI: Zili m'nyumba mwanu momwemo. Chikatoni chachikulu, kansalu koyera, kaufa woyera pang'ono kapena pawudala wa ana, ndi munthu wachiwiri amene mphuno yake siinazolowere. Koma musanagwade pansi, yambani mwafunsa fungolo kuti limabwera nthawi yanji, chifukwa nthawi yake ndi imene imaloza malo. Likamveka kwambiri mukangomwetsa thanki yodzaza, kapena pokhota ndi pokwera chitunda, n'kuchepa petulo akatsika, vuto lili pamwamba pa thanki kapena pakhosi pothirira. Likamveka galimoto itagona usiku wonse, thanki yodzaza kapena ayi, ndiye kuti pansi pa thanki kapena payipi ikudontha. Likamveka pokhapokha injini ikulira, yang'anani kuchokera papampu kupita kukabuleta, chifukwa kumeneko petulo amayenda mokankhidwa. Likamachokera kumbuyo limodzi ndi utsi wakuda, petulo sakudontha, koma injini ikumwa wochuluka kuposa umene ingathe kuwotcha.

WOULUTSA: Land Rover iyi inayankha kuti chiyani?

MMISIRI: Bambo aja atakumbukira bwino anati fungo limakula tsiku limene amwetsa, makamaka akamakhota. Tinadziwiratu poyambira.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tili ku Sanjala ndipo tikulondola fungo la petulo m'galimoto yakale. Amisiri, mwati tiyambire kuthanki.

MMISIRI: Petulo ali ndi njira imodzi yokha: thanki, payipi, sefa, pampu, kabuleta, injini, ekizozi. Kaya ndi Land Rover, kaya Peugeot 404 kapena 504, kaya Land Cruiser yakale ya petulo, kaya kabaki ka Nissan 1400, njira ndi yomweyo. Mlenje salumpha mapazi a nyama. Muyambe kumene petulo amalowera, mutsirize kumene amatulukira, osadumpha.

Poyamba chitsekerero. Chili ndi kalabala mkati, ndipo kakauma n'kung'aluka, petulo amakhavukira kunja pamabampu. Ena chitsekerero chikatayika amatsekapo ndi chitsononkho chokulunga m'pulasitiki kapena chisanza. Chisanza chonyowa ndi petulo ndi chingwe cha nyali chodikira moto. Komanso thanki yakale imafuna kupuma. Ili ndi kabowo pachitsekerero kapena kapayipi kopumira. Fumbi kapena mavu omanga ndi dothi akatseka pamenepo, dzuwa la Okutobala limafufumitsa nthunzi mkati, ndipo petulo amakankhidwa kutulukira paliponse pofooka. Mukamatsegula chitsekerero n'kumva kuti fwii kwanthawi, muyang'ane popumirapo.

Kenako khosi, payipi yaikulu yalabala yolumikiza pothirira ndi thanki. Pa Land Rover yaifupiyi, thanki ya malita 45 ili pansi pa mpando wa dalaivala penipeni. Mukachotsa mpando ndi kachitsulo kovundikira, mukuona pamwamba pa thanki. Tatiyeni muone nokha.

[PHOKOSO LA CHITSULO CHIKUCHOTSEDWA]

WOULUTSA: Ndikuona tizivundikiro tozungulira tomangidwa ndi tizisikuluwu.

MMISIRI: Kamodzi kamagwira choyezera chimene chimauza geji kuchuluka kwa petulo, kena kamagwira payipi yokokera petulo. Pansi pa kalikonse pali gasiketi. Tsiku limene galimotoyi inabwera koyamba, pamwamba ponsepa panali fumbi lofiira, koma kuzungulira choyezeracho panali bwalo lakuda, lonyowa. Gasiketi inali itauma ngati khungwa. Thanki ikadzaza, petulo ankasefukira pamenepo, pansi pa mpando, ndipo thumba la ufa linkakhala kumbuyo kwake. Fumbi lathuli ndi mboni yabwino. Pamene petulo wadutsa, mwina lada n'kumata, mwina latsukika n'kusiya kamzere koyera. Mukakayika, pukutani paume, wazani kaufa, dikirani. Podontha ufa umasintha mtundu.

WOULUTSA: Nanga pansi pa thanki?

MMISIRI: Apo mdani ndi dzimbiri. Eni Land Rover amanyengeka chifukwa thupi lake ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri. Koma thanki ndi chitsulo. Matope a dzinja amakhazikika pakati pa thanki ndi chitsulo choitchinjiriza, osauma, n'kumadya kunja. Mkati namo, thanki ikamagona yopanda kanthu usiku wozizira, mumachita mame, madziwo n'kutsikira pansi n'kumadya mkati. Timabowo take timakhala ngati ta singano. Thanki siidontha, imangochita thukuta. Apa ndi pamene chikatoni chimagwira ntchito. Chiyaleni pansi pa galimoto madzulo. M'mawa, ngakhale petulo atauma, amasiya banga ndi fungo, ndipo mukayang'ana pamwamba pa bangalo mwapeza malo.

WOULUTSA: Mutapeza gasiketi ija, ntchito inathera pomwepo?

MMISIRI: Bambo aja ankafuna kuti ithere pomwepo. Ndinawapempha kuti timalize njira yonse, chifukwa zinthu zimene zinaikidwa chaka chimodzi zimakalambanso limodzi. Tinalondola payipi m'mbali mwa chasisi, dzanja likuyenda ndi kansalu koyera. Misewu yathu yafumbi imagwedeza galimoto, ndipo kogwirira payipi kakathyoka, payipiyo imakhuzana ndi chitsulo mpaka kubooka. Mapayipi alabala muziwapinda ndi zala. Ikaonetsa ming'alu, ikauma ngati ndodo, kapena ikafewa n'kumamata m'manja, yatha ntchito. Muyang'anitsitse kumapeto, pamene kilampu yaluma.

Pali chinanso chimene eni magalimoto akale ayenera kudziwa. Petulo wa lero si wa nthawi imene galimotozi zinkapangidwa. Ku Malawi, kuyambira 1982, petulo amamusakaniza ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ndi mafuta abwino ndithu, koma labala wakale sanapangidwire zimenezo, amafewa kapena kung'aluka msanga. Ndiye inu amene mumawoloka malire pa Mandimba n'kukamwetsa ku Mangochi, mapayipi anu muziwayendera kawirikawiri. Pogula yatsopano, werengani zolembedwa pambali pake. Ikhale yolembedwa kuti ndi ya mafuta, monga SAE J30 R7, kapena R9 imene imapirira kwambiri. Payipi yamadzi, kapena kapulasitiki koonekera mkati kaja, sizipirira petulo ndi kutentha. Pomanga, kilampu yeniyeni. Waya amadula labala, ndipo malegeni petulo amawasungunula.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Tafika pansi pa boneti tsopano. Ichi chokhala ndi kagalasi ngati kapu n'chiyani?

MMISIRI: Imeneyo ndi pampu ya petulo, imayendetsedwa ndi injini yomweyi. Kagalasiko kamagwira zinyalala ndi madzi, ndipo kalabala ka pakamwa pake kakatha, pamadontha. Koma pampu ili ndi chinsinsi china choopsa. Mkati mwake muli kachikopa kalabala kamene kamapita m'mwamba ndi pansi, amisiri timati dayafulamu. Kakang'ambika, petulo akhoza kutulukira kunja pakabowo kapansi, kapena kutsikira m'kati mwa injini n'kusakanikirana ndi oyilo. Panja simuona dontho lililonse.

WOULUTSA: Ndiye munthu angadziwe bwanji?

MMISIRI: Sololani kachitsulo koyezera oyilo, nunkhizani. Pa galimoto iyi oyilo anali atakwera kupitirira mzere wapamwamba, ali wamadzimadzi, akununkha petulo. Bambo aja ankasangalala kuti injini yawo siidya oyilo, osadziwa kuti petulo ndi amene akuwonjezera. Oyilo wotere sateteza zitsulo. Akanayenda naye miyezi ina ingapo, injini ikanagogoda. Tinasintha kachikopako, tinakhetsa oyilo yense, tinaika watsopano ndi sefa yake.

WOULUTSA: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukanaimira pa gasiketi ija, ili silikanaoneka.

MMISIRI: Silikanaoneka. Tsopano kabuleta. Ntchito yake ndi kusakaniza petulo ndi mpweya. Mkati mwake muli kambale kosungira petulo, m'kambalemo muli fuloti yoyandama, ndipo fulotiyo ikakwera imakankha kasingano kotseka njira. Kambale kakadzaza, petulo amaima. Zinthu ziwiri zimasokoneza dongosolo limeneli. Fuloti ikabooka imamira, kasingano osatseka. Muichotse, muigwedeze pafupi ndi khutu, mukamva madzi mkati yabooka. Chachiwiri ndi kamchenga kamodzi kokha kokhala pakamwa pa kasingano. Pampu imangotumiza, petulo n'kusefukira. Ndipo pa injini iyi, monga zambiri zakale, kabuleta ili pamwamba penipeni pa mapayipi otentha a ekizozi. Dontho lililonse likugwera pachitsulo chamoto.

WOULUTSA: Mchengawo umachokera kuti?

MMISIRI: Wina ndi dzimbiri la m'thanki. Wina umabwera ndi petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu. Tonse tikudziwa kuti ukapita kumidzi yakutali, pomwetsera petulo palibe, umagula amene wamupeza. Ngati mwakakamizika, sefani ndi kansalu koyera pothira, ndipo galimoto ikhale ndi sefa yabwino petulo asanafike kupampu, kutali ndi ekizozi. Poyesa mbali ya pampu ndi kabuleta, bwezerani batire, mnzanu alize injini inu mukuyang'ana, ndowa ya mchenga ili pafupi. Mukaona ponyowa, azimitse nthawi yomweyo. Inu a Volkswagen ya kamba ija, thanki yanu ili kutsogolo, injini kumbuyo, ndipo kapayipi kachitsulo kolowetsa petulo mukabuleta kamakonda kugwedera n'kusolokamo. Kagwedezeni ndi chala muone ngati kali kolimba.

WOULUTSA: Munanena za fungo lochokera kumbuyo ndi utsi wakuda. Ndamva amisiri akunena kuti Lichinga ali ndi vuto lakelake pa nkhani imeneyi.

MMISIRI: N'zoona, ndipo chifukwa chake ndi phiri. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, wochepa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi wa ku Beira kapena ku Nacala. Galimoto zatsopano zili ndi kompyuta imene imayeza mpweya n'kuchepetsa petulo yokha. Kabuleta siidziwa kuti yakwera phiri. Ngati inachunidwa kugombe, ikafika kuno mpweya wachepa koma petulo sanachepe mofanana, ndiye wina amatuluka osapsa. N'chifukwa chake dalaivala amadabwa kuti akatsikira ku Metangula, kumene nyanja ili pamamita osakwana 500, galimoto imakoka bwino, koma akabwerera kuno imalemera n'kumanunkha. Galimoto yokhala ku Lichinga ichunidwire ku Lichinga.

Kuzizira nakonso kumawonjezera. M'mawa wa Juni timakoka choki kuti injini idzuke, ndipo n'koyenera. Koma ikatentha, choki chibwerere. Ena amaiwala, kwa ena waya wake wachita dzimbiri moti chimatsala chotseka theka. Sefa ya mpweya ikadzaza fumbi la chilimwe, zotsatira zake n'zomwezo. Pulagi imodzi ikafa, petulo wa m'chipinda chimenecho amatuluka wamuwisi. Masulani mapulagi muwaone kumutu. Akakhala ofiirira ngati mtedza wokazinga, zili bwino. Akakhala akuda ndi mwaye, injini ikumwa mopitirira.

WOULUTSA: Utsi umenewo ukalowa m'galimoto, vuto ndi fungo lokha?

MMISIRI: Ayi achimwene, ndipo apa ndikupempha omvera atchere khutu. Mu utsi wa injini muli mpweya wina wotchedwa carbon monoxide. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nthawi yachisanu. Umenewo ndiye tsoka losanunkha lenileni: ulibe fungo, ulibe mtundu. Injini yomwa petulo wambiri imautulutsa wochuluka. Ekizozi ikabooka pansi pa galimoto, kapena mukamayenda chitseko chakumbuyo chili chotsegula, utsi umakokedwera mkati. Mutu, chizungulire, nseru, tulo pachiwongolero, zizindikiro zake n'zimenezo. Mukamva fungo la utsi mkati, dziwani kuti mnzake wosanunkhayo walowa naye limodzi. Imani, tulukani, mupume. Ndipo musatenthetse injini m'galaja yotseka.

[NYIMBO. IKWERE, KENAKO ITSIKE.]

WOULUTSA: Omvera, pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange m'boma la Moatize, chigawo cha Tete, thanki ya galimoto yonyamula petulo inaphulika anthu atazungulira ndi zigubu kuti atungeko. Anthu osachepera 80 anataya miyoyo, ena ambiri anapsa koopsa, ndipo dziko lonse linakhala pa maliro masiku atatu. Anali anthu ngati ife, makolo ndi ana, ofuna kupeza kangachepe. Tikuwakumbukira mwaulemu, ndipo tikuwatchula chifukwa nthunzi imene inayaka tsiku limenelo ndi yomweyo imene ili pansi pa mpando wa galimoto yodontha. Amisiri, ndi ziti zimene munthu asachite ngakhale zitavuta bwanji?

MMISIRI: Choyamba, thanki ya petulo saiwotcherera chifukwa choti aikhuthula. Thanki yopanda petulo ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa yadzaza nthunzi ndi mpweya. Kuitsukuluza ndi madzi kamodzi sikukwanira, petulo amabisala m'mipiringidzo ndi m'dzimbiri. Ipite kwa amisiri odziwa ntchito imeneyo, kapena ipezeke ina. Mukabookeredwa kutchire, sopo wamtanda wofewetsa ndi madzi pang'ono amamata kabowo, poti petulo sasungunula sopo. Koma ameneyo ndi wokufikitsani kunyumba basi, osati woyenda naye mpaka chaka chamawa.

Chachiwiri, musakoke petulo ndi pakamwa. Kadontho kakalowa m'mapapo kamatupitsa mapapo, munthu n'kudwala chibayo choopsa. Wina akamumeza, makamaka mwana amene wapeza botolo n'kuyesa chakumwa, musamusanzitse, chifukwa posanza ndi pamene amalowa m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Hospital Provincial de Lichinga.

Chachitatu ndikulankhula kwa anyamata anga a m'magalaja. Musasambe m'manja ndi petulo. Muli mankhwala otchedwa benzene amene amalowa pakhungu ndi popuma, ndipo amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Sopo ndi madzi zilipo. Ovolosi yonyowa ndi petulo muivule, musakaothe nayo moto.

Chachinayi, chigubu cha petulo chisagone m'nyumba yogona anthu kapena kukhitchini, ndipo chisayende m'kati mwa galimoto limodzi ndi anthu. Nthawi zina timafufuza galimoto yonse osapeza podontha, kenako n'kupeza kuti petulo anatayikira pamkeka wapansi mwezi wapitawo. Mkekawo uchotsedwe, uchapidwe, uume padzuwa.

WOULUTSA: Nanga moto ukabuka?

MMISIRI: Zimitsani injini kuti pampu ileke kutumiza petulo. Anthu onse atsike apite kutali. Boneti musaitsegule yonse, chifukwa mukupatsa moto mpweya. Itsegukeko pang'ono, mupopere chozimira moto pampatapo. Petulo woyaka pansi mukwirireni ndi mchenga kapena dothi. Madzi ayi, chifukwa petulo amayandama pamadzi, ndipo madziwo amangonyamula moto kuupititsa kwina. Moto ukafika kuthanki, isiyeni. Galimoto ina idzapezeka.

WOULUTSA: Tibwerere kwa bambo athu a ku Sanjala. Zinatha bwanji?

MMISIRI: Gasiketi imodzi, kachikopa ka pampu, payipi yosakwana mita imodzi, makilampu anayi ndi oyilo. Tinachunanso kabuleta kuti igwirizane ndi mpweya wa kuno. Lero yabwera kuti tingoyang'ananso ngati ponse pali pouma, ndipo pali pouma. Bambo aja akuti petulo amene ankatha Lachinayi tsopano akuwafikitsa Loweruka. Koma chimene chinandikhudza ndi uthenga wa mayi aja. Anatuma mdzukulu kudzandiuza kuti ufa wabwera kuchokera kuchigayo ukununkhira chimanga.

Galimoto izi ndimazikonda, achimwene. Zina zinafika mzinda uno ukutchedwa Vila Cabral. Zanyamula odwala, akwati, maliro ndi zokolola m'misewu imene galimoto zina zinkaikana. Munthu ukhoza kuzikonza ndi sipanala zochepa pansi pa mtengo. Zikapsa sizibweranso, ndipo nthawi zambiri sizipsa zokha.

WOULUTSA: Amisiri, zikomo kwambiri chifukwa cha nzeru zimenezi.

MMISIRI: Zikomo achimwene. Ayende bwino onse.

WOULUTSA: Omvera, ntchito ya lero ndi yaing'ono. Madzulo ano yalani chikatoni pansi pa galimoto yanu. Mawa m'mawa, musanalize injini, chisololeni muchione, nunkhizani kachitsulo koyezera oyilo, kenako itanani mayi akunyumba kapena mwana atsegule chitseko, ndipo muwafunse chimene akumva. Akati mukununkha petulo, ulendo wa tsikulo uyambe wadikira.

[NYIMBO YOTSEKERA]